Ndani Anauza a Khonsolo?

"Sikwana, Maxine. Sofayi sikwana pakhomo pano," anatero Stuart Tapsell, thukuta lili chuchuchu. "Mwina tingoidula pakati."

"Uidula ndi chiyani, mano akowo? Ipendeketse, iwe!" anatero Maxine, mkazi wake.

Anali pa masitepe a nyumba yawo yatsopano, kanyumba ka zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ya matayala, kumapeto kwenikweni kwa tauni ya Gravesend. M'munsi mwa masitepewo munaima Corinne Hadlow, mnzake wa Maxine amene ankagwira naye ntchito kubekale, atanyamula bokosi la mbale uku akuseka.

"Stuart, si ndiwe pulambala?" anatero Corinne. "Tsiku ndi tsiku umalowetsa mapaipi m'malo opanikizika. Lero wagonja ndi sofa?"

"Mapaipi sabwera ndi mkazi wokukalipira kumbuyo."

Sofa ija inalowa ndithu, koma mwendo umodzi utathyoka. Katundu yense atakwera, Maxine anatseka chitseko, n'kuitana mwamuna wake ndi mwana wawo Esme, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Corinne anali pomwepo akutulutsa makapu m'bokosi.

"Mvetserani," anatero Maxine. "Za kusamuka kwathuku, kusukulu asamve. Kukhonsolo asamve. Mpaka Esme atavala yunifolomu n'kukhala pa desiki yake mu Sepitembala, ife tikukhalabe kunyumba yakale."

Nkhani yake inali ya malo a sukulu. Chaka chapitacho, mu Sepitembala, Esme ndi Tilly, mwana wa Corinne, analembera limodzi mayeso olowera ku sukulu ya galamala ya atsikana, imene imatenga okhoza mayesowo basi. Zotsatira zitatuluka mu Okutobala, onse awiri anali atakhoza. Mabanja awiriwo anakadyera nsomba ndi tchipisi m'mbali mwa mtsinje, Stuart mpaka anaimba nyimbo, anthu odutsa akumucheukira. Koma kukhoza mayeso kunangowalowetsa pamzere. Atsikana okhoza anachuluka kuposa madesiki. Sukuluyo inkayamba yatenga ana oleredwa ndi boma ndi amene akulu awo ankaphunzira kale pomwepo, kenako otsalawo inkawasankha poyeza mtunda pamapu, kuchokera pageti la sukulu kufika pakhomo la nyumba ya mwana. Wapafupi ankalowa, wakutali ankatsala.

Kumayambiriro kwa Malichi mayankho anabwera. Esme anapeza malo. Tilly, amene kwawo kunali misewu ingapo kutsogolo, sanapeze. Anampatsa sukulu ina, n'kumuika woyamba pa mndandanda wa odikira. Tsiku limenelo Corinne anakalirira m'chipinda chosungiramo ufa, kenako anatuluka, anasamba kumaso, n'kuphikira Esme keke yolembedwa dzina lake.

Chisangalalo cha a Tapsell sichinakhalitse. Mwini nyumba yawo anawauza kuti akuigulitsa. Anayendayenda kufunafuna nyumba ina kufupi ndi sukuluyo, koma mitengo yake inali yothamangitsa munthu. Ndi mmene anapezekera pamwamba pa matayala mwezi wa Meyi.

"Koma Max," anatero Stuart akukanda m'mutu, "kodi si bwino kungowauza? Ife sitinabe kanthu."

"Waona kutalika kwake kuchokera pano? Mabasi awiri! Akangoika kachingwe kawo kaja pamapu, mwanayu malo amuthera. Ukufuna kuvutika konse kuja kupite m'madzi?"

"Sindikutero ayi, koma..."

"Ndiye tseka pakamwa. Esme, wamva?"

"Ndamva, amayi."

Corinne anaika kapu yomaliza pa shelefu. "Ine sindinamve kanthu," anatero osacheuka.

Palibe anaseka. Aliyense m'chipindamo, ngakhale Esme, ankadziwa mwana amene angalowe malowo atati atseguke.

Patapita masabata angapo, foni ya Maxine inalira ali kubekale, nthawi imene mzere wa ogula mabanzi unali utafika kukhomo. Anaiyankha ataipanira paphewa. Anali mayi wina wa kukhonsolo, wa ofesi yoona za malo a sukulu. Analankhula mwaulemu. Anati amva kuti banja lawo lasamuka, ndipo akupempha kuti makolo a Esme akafike Lachinayi, atatenga mapepala a nyumba yakale ndi a yatsopano.

Maxine anangoti, "Chabwino." Anapatsa kasitomala buledi amene sanapemphe, n'kulowa kumbuyo.

Corinne anali pa uvuni akutulutsa thileyi ya mabanzi.

"Wasangalala tsopano?" anatero Maxine.

"Ndi mabanziwa? Apsa bwino, eya."

"Usandiyese chitsiru, Corinne. A khonsolo andiimbira. Akudziwa kuti tasamuka."

Corinne anatsitsa thileyi pang'onopang'ono. "Ndiye?"

"Ndiye odziwa tinalipo anayi. Ine, mwamuna wanga, mwana wanga, ndi iwe. Mwa anayife, ndani ali ndi mwana pamwamba pa mndandanda?"

"Maxine, ganiza kaye zimene ukufuna kunenazo."

"Ndaganiza kale! Unabwera kudzanyamula mabokosi kuti uone nambala ya pakhomo. Keke ija unaphika ndi mtima wanji? Kuseka nafe masana, kenako kukatigulitsa!"

Ogula anali atasiya kulankhula kutsogolo kuja. Corinne anavula magolovesi a pa uvuni, n'kuwapinda bwinobwino ngati zovala zochokera pachingwe. 

"Mwana wako ndinamulera ine uli m'chipatala," anatero motsitsa mawu. "Pita kutsogolo, anthu akudikira."

Kuyambira pamenepo anagwira ntchito ngati anthu osadziwana. Wina akafuna mpeni ankazungulira tebulo lonse m'malo moupempha.

Madzulo Maxine anafotokozera mwamuna wake akusenda mbatatesi mwaukali, makoko akugwera pansi. Stuart anamvetsera ataima pakhomo la khitchini, nsapato za kuntchito asanavule. Nkhope yake inasintha mtundu.

"Wamuuza Corinne zimenezo? Pamaso pa anthu?"

"Ukanafuna ndimulembere khadi?"

"Mwina si iye, Max."

"Nanga ndani? Wogulitsa matayala?"

Stuart anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anati akukaona ngati watseka galimoto, ndipo anakhalitsa kunjako kuposa mmene kutseka galimoto kumatengera.

Tsiku lotsatira Esme anabwera kuchokera kusukulu maso ali ofiira. Anaponya chikwama pa sofa n'kukhala pomwepo.

"Chavuta n'chiyani?" anafunsa mayi ake.

"Tilly sanakhale nane pa nkhomaliro. Akuti inu mwanena kuti amayi ake ndi kazitape."

"Zimenezo ndi za akuluakulu."

"Amayi, akandilanda malo, ndiye kuti apatsa Tilly?"

"Palibe akulande kanthu."

"Koma tikanama n'kutigwira, onse akadziwa kuti ndinalowa monama. Ine mayeso ndinakhoza ndekha." Anapukuta m'maso. "Sindinaonere kwa munthu."

Maxine anamuyandikira. Anangomukoka mwanayo n'kumugoneka mutu pachifuwa.

Lachinayi kunacha ndi kamvula kowaza. Stuart anavala shati ya kolala imene ankavala pa maukwati ndi pa maliro. Ali m'galimoto anayesa kuyamba nkhani kawiri konse.

"Max, pali chinthu china..."

"Usandisokoneze, ndikukonza zokanena. Ndipo tikafika, wolankhula ndine. Iwe ukangoyamba umaulula ndi zimene sanakufunse."

Anawalowetsa m'kachipinda kokhala ndi tebulo limodzi ndi duwa lofota pawindo. Wowalandira anali Mayi Sandhu, mayi wamfupi wa imvi za apo ndi apo, magalasi atawapachika pachifuwa ndi kachingwe. Anawapatsa moni n'kuwafunsa ngati angamwe tiyi. Maxine anakana. Anali atagwira chikwama ndi manja awiri.

"Ndisanayambe," anatero Mayi Sandhu, "ndithokoze inu Bambo Tapsell potiimbira foni. Ambiri satero. Timadzazindikira tokha mochedwa, ndiye nkhani imakula."

 Maxine anatembenuka pang'onopang'ono. Stuart anali akuyang'ana duwa lofota lija ngati sanaonepo duwa chibadwire.

"Anaimba ndi... awa?" anafunsa Maxine.

"Eya, sabata yatha. Simunadziwe?" Mayi Sandhu anayang'ana mkazi, n'kuyang'ana mwamuna, kenako anavala magalasi awo mofulumira. "Chabwino. Tiyeni tione mapepala."

Anawaona mosathamanga. Anafunsa kuti kunyumba yakale analowa liti, Maxine n'kuyankha kuti Esme asanayambe kuyenda. Anafunsa ngati nthawi yopempha malo ndi nthawi imene malowo anaperekedwa ankagona kumeneko tsiku lililonse. Anafunsa ngati anachoka mwa kufuna kwawo. Maxine anawapatsa chikalata cha mwini nyumba chowauza kuti atuluke. 

"Mayi Sandhu," anatero mawu akutuluka mothamanga, "mwanayu anavutikira malo amenewa. Ankawerenga pa tebulo la kubekale ine ndikukolopa. Ngati pali wolakwa ndine, ndine ndinati tibise. Musamulange iye chifukwa cha..."

"Mayi Tapsell, pumani kaye." Mayi Sandhu anavula magalasi aja. "Anthu amene timalimbana nawo ndi ena. Pali makolo amene amachita lendi kachipinda pafupi ndi geti la sukulu kwa miyezi yochepa, osagonamo n'komwe, malo akangopezeka n'kubwerera kunyumba yawo yeniyeni. Ena amalemba adiresi ya agogo. Amenewo tikawapeza malo timalanda, ngakhale mwana atayamba kale kuphunzira. Koma lamulo la sukulu imeneyi limayang'ana kumene mwana ankakhaladi pa nthawi yopempha ndi yopatsidwa malo. Inu munkakhala kumeneko, ndipo simunachoke dala. Malo ndi a Esme."

"Ndi ake?"

"Ndi ake. Chimene ndikuchita pano n'kungosintha adiresi kuti makalata a sukulu azikupezani."

"Ngakhale kuli kutali? Mabasi awiri?"

"Mabasiwo ndi vuto lanu ndi Esme, si langa," anatero Mayi Sandhu akumwetulira. "Muzingomudzutsa msanga."

Maxine anaseka, kusekako n'kusanduka kulira. Analira ngati mwana, mapewa akugwedezeka, ndipo Mayi Sandhu anangomukankhira bokosi la timapepala topukutira, mosonyeza kuti pa tebulo limenelo anthu ambiri analirirapo kale.

"Mukanabisa mpaka Sepitembala," anawonjezera, "n'kudzamveka kuchokera kwa munthu wina, tikanayenera kufufuza zambiri, ndipo mukanavutika kutitsimikizira. Mwachita bwino kubwera."

Atatuluka, mvula inali itasiya. Maxine anayenda mpaka pa galimoto. Miyendo ankaimva kupepuka ngati watula thumba la ufa limene analisenza kuyambira mwezi wa Malichi. Anatsamira chitseko cha galimoto, n'kupuma mpweya wautali.

"Stuart Tapsell."

"Wawa."

"Usati wawa. Unaimba foni."

"Ndinaimba."

"N'kundisiya ine ndikutukwana mnzanga pamaso pa makasitomala. N'kudya mbatatesi zanga, n'kugona tulo!"

"Tulo sindinagone, Max, usaname. Ndinayesa kukuuza."

"Unayesa? Unathawira kukatseka galimoto yotsekatseka!"

Stuart anagwetsa nkhope. "Ndinkakonza sinki kwa mayi wina," anatero. "Anandiuza za mwana wa mchemwali wake. Anamutulutsa sukulu itatsegulidwa kale, yunifolomu atagula, anzake atapeza. Chifukwa cha adiresi. Ndinangomuona Esme akulongedza mabuku anzake akumuyang'ana. Ndinati ngati n'kutaya malo, bola tiwataye panopa, asanawakonde. Ndinatuluka panja n'kuimba. Kenako ndinaopa."

"Unaopa a khonsolo?"

"A khonsolo ndi anthu abwinobwino. Ndinaopa iwe."

Maxine anamumenya ndi chikwama paphewa, koma osati mwamphamvu. Kenako anamugwira kolala ya shati ija n'kuiwongola.

"Ndiwe chitsiru," anatero. "Wachita bwino, koma ndiwe chitsiru. Sofa ija ukonze mwendo lero lomwe, chifukwa ndi pamene ugone."

Anapita kukadikira Esme pageti la sukulu yake ya pulayimale. Mwanayo atawaona onse awiri, bambo ake ali mu shati ya pamaliro, anaima chilili pakati pa bwalo. Maxine anangokweza chala chachikulu m'mwamba. Esme anathamanga chikwama chikumumenya kumsana, n'kudzagwera m'manja mwa bambo ake.

"Sitikubisanso?" anafunsa.

"Sitikubisanso. Ukhoza kuuza aliyense kuti umakhala pamwamba pa matayala."

Chapatali, Maxine anaona Tilly akutuluka yekha, mutu uli pansi, kulowera njira ya kwawo. Chimwemwe chija chinachepa pang'ono m'chifuwa mwake.

"Pitani kunyumba," anauza mwamuna wake ndi Esme. "Ine ndibwera pa basi."

Corinne sankagwira ntchito Lachinayi. Maxine anagogoda, n'kudikira, n'kugogodanso. Chitseko chinatseguka pang'ono. Corinne anali ndi cholembera m'manja, tsitsi atalimanga mwachisawawa.

"Ngati wabwera kudzamaliza, ndilibe nthawi."

"Anali Stuart."

Corinne anamuyang'ana nthawi yaitali. "Stuart?"

"Anaimba yekha. Ndamva lero, kuchokera kwa mayi wa kukhonsolo, iye atakhala pambali panga ngati mwana wa mngelo."

"Nanga malo?"

"Sanalande. Ndi a Esme."

Corinne anatseka maso. Maxine anaona zinthu ziwiri, chisangalalo ndi kukhumudwa, zikudutsa pankhope ya mnzakeyo, ndipo sanayang'ane kumbali.

"Zili bwino," anatero Corinne pomaliza. "Ndikunena zoona. Zili bwino."

"Corinne, ndinakulakwira. Ndilibe chodzikanira. Ndinakunena zoipa, pamaso pa anthu, ndipo mawa ndikanena pamaso pa anthu omwewo kuti ndinanama."

"Ukanene mokweza. Mayi uja wogula buledi wa bulauni wakhala akundiyang'ana ngati ndaba mwana."

"Ndikanena mokweza."

Corinne anatsamira felemu la chitseko. Anazunguza cholembera chija m'zala.

"Ukudziwa chimene chinandipweteka kwambiri?" anatero. "N'choti ndinaganizapo. Tsiku la sofa lija, nditafika kuno, Tilly anandifunsa ngati mndandanda wasuntha. Ndinakhala pa mpando apo foni ili m'manja. Nambala ya khonsolo ndimaidziwa pamtima, ndaiimba kambirimbiri. Ndinaiyang'ana foniyo, kenako ndinakaiika m'dirowa n'kupita kukasamba. Ndiye iwe n'kubwera kudzandinena chinthu chimene ndinalimbana nacho n'kuchikana."

Maxine anaweramitsa mutu. Misozi inali itayambanso.

"Usalire pakhomo panga, anthu aziti ndakumenya."

"Za Tilly zili pati?"

"Akadali woyamba. Akuti pofika Ogasiti ena amasamuka, ena amapita ku sukulu zolipira, ndiye mwina. Koma sindingangokhala n'kumadikira. Ndachita apilo. Lachiwiri ndikaonekera pamaso pa anthu atatu amene sali a sukulu kapena a khonsolo, ndikawauze chifukwa chake mwana wanga akuyenera malo pamenepo." Anakweza dzanja, n'kuonetsa inki imene inadetsa zala zake. "Kuyambira m'mawa ndikulemba n'kumafufuta. Ndikangoganiza zoima pamaso pawo, lilime limauma."

"Lachiwiri ndikugwirira ntchito yako. Ndi Lolemba lomwe, kuti ukonzekere."

"Ndi mathileyi ukatsuke."

"Ndikatsuka."

"Mwezi wonse."

"Corinne!"

"Ukufuna kukhululukidwa kapena ayi?"

Corinne anatsegula chitseko chonse. Pa tebulo la m'khitchini panali mapepala ali mbwee, makope a Tilly, ndi kapu ya tiyi wozizira. Tilly anasuzumira kuchokera pa masitepe, n'kuona amene walowa, n'kubwereranso m'mwamba mwakachetechete. Corinne anakoka mpando umodzi n'kuuika kuseri kwa tebulo, kenako iye anakaima kutsogolo kwake, pepala lili m'manja, n'kukonza tsitsi.

"Khala apo," anatero. "Ine ndiziyeserera zokanena, iwe ukhale mmodzi wa atatu aja. Undifunse mafunso ovuta, usandimvere chisoni."

"Ine? Sindidziwa n'komwe mmene amachitira."

"Usadandaule," anatero Corinne. "Kuweruza anthu umatha."

Maxine anavula jekete, anakhala pa mpandopo, n'kupinda manja.

"Chabwino, Mayi Hadlow," anatero. "Yambani."